Inatsala Mikanda Iwiri

Lolemba, 3 Sepitembala

Adziwe onse amene adzatsegule kope ili, kuphatikizapo njenjete, kuti wolemba ndine Abu Ghassan, kutanthauza bambo a Ghassan, dzina lenileni Fawzi mwana wa Darwish, amene ndinalamulira uvuni wa pa msewu wathu kuno ku Chiyah zaka makumi anayi ndi zitatu. Sindinapserezepo mkate ngakhale umodzi, kupatula imene ndinapsereza. Sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu chifukwa aphunzitsi zinawathera zoti andiphunzitse. Nduna za boma sizinabwerepo kudzandifunsa nzeru, n'chifukwa chake dziko lili mmene lililimu.

Kopeli anandipatsa adokotala kuti ndizilembamo shuga wa m'magazi. Lero 212. Ndawalembera. Masamba otsalawo ndi anga.

M'nyumba muno mwalowa mlendo, dzina lake bayokemisitiri. Nditayesa kulitchula, mano anga oikirira anatsala pang'ono kugwera m'khofi. Akuti ndi phunziro la zochitika m'kati mwa magazi ndi mnofu wa munthu, mmene chakudya chimasandukira mphamvu, ndi mchere uti umene ukachuluka umaimitsa mtima.

Nkhani ili chonchi. Sukaina, mwana wa Ghassan wanga, ali m'chaka chomaliza ku koleji. Chaka chomwechino atumiza mapepala ku sukulu ya udokotala, kumene amatenga ochepa ndipo amayang'ana malikisi a zaka zonse. Ake ali ngati khofi wodzaza mpaka m'milomo mwa kapu. Akukwana, koma wina akangogunda tebulo atayika. Phunziroli si lokakamiza, ndipo mphunzitsi wake akuti ndi woumira, amapereka malikisi ngati akudzidula chala. Sukaina analembetsa kale dzina, koma ali ndi mpata wolichotsa mpaka Lachisanu 12 koloko masana. Nthawi imeneyo ikadutsa, ndiye kuti wakwatiwa nalo.

Pa chakudya chamadzulo Ghassan analankhula ngati munthu wa zamagetsi amene ali.

“Waya wosafunika sitilumikiza. Chotsa dzinalo, utenge lija la mbiri ya nyimbo, malikisi ako akhale pabwino.”

Sukaina anati msuweni wake Mazen, dokotala uja, akuti olowa udokotala asanaliphunzire amamira chaka choyamba. Ndiponso limabwera pa mayeso olowera.

“Mazen akulankhula ali kale m'kati,” anatero bambo ake. “Yamba walowa m'madzimo, za kumira tikambirana.”

Ine ndinati ndikhoza kukamulembera mayesowo nditavala mpango kumutu. Palibe anaseka. Mpongozi wanga Ibtisam, mkazi wa Ghassan, anangondiwonjezera mpunga wa mphodza kuti pakamwa panga papeze ntchito.

Lachiwiri, 4 Sepitembala

Shuga 198.

Masana ndikuthirira timbewu ta m'zitini pakhonde, Sukaina anabwera n'kukhala pa mpando wa Nahla. Mpando umenewo palibe amakhalapo chimwalirireni mkazi wangayo, chaka ndi theka tsopano. Mdzukuluyu ine amanditcha Jiddo, agogo ake aakaziwo ankawatcha Teta.

“Jiddo, mikanda ya Teta ili kwa inu?”

“Ili m'thumba la jekete. Wapeza mwamuna, ukufuna kuvala pa ukwati?”

“Ndikufuna mundichitire khira.”

Chitini ndinachiika pansi.

Khira ndi kufunsa Mulungu chochita. Wa khira m'nyumba yonse ya nsanjika zisanu ino anali Nahla. Munthu akasowa kolowera ankakwera masitepe kudzamupeza. Iye ankawerenga pemphero la Fatiha, n'kutseka maso, n'kugwira mikanda yopempherera ya tasibihi pamene dzanja lagwera, kenako kuwerenga iwiriiwiri. Ukatsala umodzi, chita. Ikatsala iwiri, leka. Pa nkhani imodzi sabwereza. Anachitira firiji yathu yoyamba. Anachitira ulendo wa ku Abidjan umene Ghassan sanapite. Koma ena ankawabweza pakhomo, amvekere, “Khira ndi ya munthu amene wafunsa anthu, waganiza, n'kuimabe pamphambano.”

Ine mikandayo ndimangoisunga. Ndani angapemphe khira kwa munthu amene anauza msewu wonse kuti shehe wameta ndevu, mzikiti n'kudzaza anthu ofuna kuona chibwano?

Ndinati apite kwa shehe yemweyo.

“Shehe sandidziwa. Ndikufuna dzanja la m'nyumba muno.”

“Mwana wa mwana wanga, dzanja ili ndi la munthu wabodza.”

“Pamanama ndi pakamwa panu, Jiddo. Dzanja lanu silinabepo pa sikelo.”

Ndinasowa choyankha, zimene zandichitikirapo kawiri kokha, kena kanali kwa dokotala wa mano. Tinagwirizana za mawa m'mawa asananyamuke. Funso lake: dzina likhalemo?

Amake atamuitana, anasiya buku lake pa mpando. Buku lobwereka, lolemera ngati njerwa ziwiri. Ndinati ndione mdani wathuyu nkhope. M'kati muli tizithunzi tonga zisa za njuchi, tolumikizana ndi timivi. Ndiye munagwa pepala lopindapinda.

Ndinalizindikira ndisanalifutukule. Pepala la magazi a Nahla, lomaliza lija. Manambala ena awazunguliza ndi pensulo, pambali pali zizindikiro za mafunso, zina zakale zofufutika, zina zatsopano.

Ndikukumbukira tsiku lija m'kanjira ka m'chipatala. Dokotala wachinyamata, wotopa, waulemu, akutifotokozera za impso ndi potaziyamu. Tonse tinkagwedeza mutu ngati nkhunda. Palibe anamva kanthu. Sukaina yekha anafunsa kuti mchere ungaimitse bwanji mtima wa munthu amene dzulo lake amasenda adyo. Anamuyankha, koma yankholo linali la chinenero cha m'buku ili.

Pepalalo ndinalibwezera pamalo pake. Sindinadziwe kuti analisunga ndi iye. Ine ndinkaganiza kuti ndinalitaya.

Lachitatu, 5 Sepitembala

Ndinasamba m'manja ndi kumaso mwa dongosolo lonse, osadumpha kanthu. Ndinavala malaya anga oyera. Ndinakhala moyang'ana ku Makka, mikanda ya Nahla m'manja. Ikadali ndi kafungo ka sopo wake, kapena mphuno yanga nayonso yayamba bodza.

Sukaina anaima pakhomo la chipinda, chikwama kumsana, nsapato atavala kale.

Fatiha. Ndinatseka maso. Ndinagwira.

Iwiri, iwiri, iwiri, iwiri.

Inatsala iwiri.

Osasuntha chala, ndinawerenganso gawo lomwelo, poti maso anga ndi a shuga. Iwiri. Yakuda, yosalala, yogundana ngati ikunong'onezana.

Ndinatukula mutu. Mwanayo anali atagwira lamba wa chikwama mpaka zala kuyera. Nkhope yake inali ija ya m'kanjira ka m'chipatala.

“Umodzi,” ndinatero.

Anatulutsa mpweya ngati munthu amene watula thumba la ufa. Anandipsompsona pachipumi, n'kutsika masitepe awiriawiri. Ndinamumva mpaka pansi akupatsa moni aliyense, ngakhale mphaka wa anansi a pansi.

Ndanama zambiri pa moyo wanga. Ndinauzapo apongozi anga kuti ndili ndi munda wa azitona kumudzi, pamene ndinali ndi mtengo umodzi, wa mnansi. Mabodza onsewo ankatha ndi kuseka, wina n'kundigenda ndi nsapato. Koma Mulungu sindinamuikirepo mawu m'kamwa.

Shuga sindinayeze.

Lachinayi, 6 Sepitembala

Ghassan anandipeza pakhonde m'mawa, zida zake zili m'manja. Sanakhale pansi.

“Baba, akuti mwachita khira.”

“Akutero.”

“Inu?”

“Ukuona wina wokongola kuposa ine m'nyumba muno?”

“Lumbirani pa manda a Mama kuti unatsala umodzi.”

Ndinati manda a mayi ake si tebulo la m'khoti. Ndinati iyeyo anabadwa akukayikira, ngakhale bere analiyamba walinunkhiza. Sanamwetulire. Anayang'ana mawaya opiringizana a pamsewu nthawi yaitali, kenako analankhula motsitsa mawu, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

“Mukudziwa mwana wa Abu Rida wometa uja? Anapereŵera pang'ono chabe. Anadikira chaka, anayesanso, anapereŵeranso. Lero amagulitsa mafoni. Ine ndimakwera makwerero tsiku lililonse kuti uyu asadzaime pakhomo lotseka. Phunzirolo akalipeza m'katimo, bola alowe. Koma ngati wanena ndi Mulungu, ine ndine yani? Ndagonja.”

Anapita kuntchito. Pobwera madzulo anamugulira mwana wake makope atatu achikuto cholimba. Anawaika patebulo. Ine ndinakankhira mbale yanga ya mpunga pambali.

Sukaina anafika ali wotuwa. Lero analowa kalasi yoyamba ya phunzirolo. Akuti mphunzitsi anangolowa n'kunena kuti, “Yang'anani mipando iyi. Lolemba theka ikhala yopanda anthu, ndipo sindidzakusowani.” Kenako analemba bolodi lonse kawiri.

“Unamvapo zingati?” ndinafunsa.

“Theka. Mwina osakwana.” Kenako maso ake anawala pang'ono. “Koma Jiddo, yisiti wanu uja. Mukudziwa chifukwa chake mtanda umafufuma msanga pafupi ndi uvuni, koma mukathira madzi otentha kwambiri umafa?”

“Ndikudziwa. Yisiti ali ngati bambo ako, amafuna kumunyengerera.”

Anandijambulira pa pepala la mkate, timivi ndi tizisa. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndakhala ndikuchita bayokemisitiri ndi manja awa popanda wondipatsa malikisi. Ndinamuuza kuti akauze mphunzitsiyo andilembe ntchito. Anaseka, kuseka koyamba sabata ino.

Ndiye anawonjeza mawu amene andikhala pachifuwa ngati mwala.

“Kunena zoona, nditatuluka m'kalasimo ndinapita mpaka pakhomo la ofesi yochotsera mayina. Ndinaima pamzere. Kenako ndinati ayi, khira yanena. Pakanapanda inu, bwenzi nditachotsa lero.”

Ndinapita pakhonde. Ndinauza mpando wa Nahla kuti, mwanayu akufuna kuwerenga pepala lako, ndalakwa chiyani? Mpandowo sunayankhe, koma ndikudziwa yankho. Nahla anauza mng'ono wake weniweni kuti “iwiri” pa nkhani ya mwamuna amene ankamukonda, n'kulira naye limodzi mpaka madzulo. Sanasinthe mkanda.

Akakhoza, adzathokoza Mulungu pa mawu amene Mulungu sananene. Akagwa, adzafunsa Mulungu chifukwa chake anamunamiza. Ndipo wonama adzakhala ali pakhonde, akuthirira timbewu.

Shuga 260. Adokotala asandifunse.

Lachisanu, 7 Sepitembala

Ndinati ndimuuze m'mawa. Ndinadzuka atapita kale, ali ndi kalasi ya 8 koloko. Nkhani yotere siinenedwa pafoni.

Ibtisam anandiona ndikulimbana ndi nsapato, phazi lakumanzere litatupa.

“Mukupita kuti ndi mwendo umenewo, Abu Ghassan?”

“Kukalembetsa ku yunivesite. Akusowa anthu anzeru.”

Minibasi inakwawa ngati ili ndi nyamakazi. Ndinafika pachipata 11 koloko itadutsa. Mlonda anandifunsa chiphaso, ndinamuuza kuti nkhope yanga ndiyo chiphaso, anati yatha ntchito. Ndinamuimbira Sukaina kuti atuluke.

Anabwera akuthamanga, buku lija pachifuwa.

“Jiddo, chachitika n'chiyani? Baba agwa pa makwerero?”

“Palibe wagwa. Khala apa.”

Tinakhala pa kakhoma ka pambali pa chipata. Njira yonse ndinkakonza mawu okoma oyambira. Onse anathawa.

“Inatsala iwiri,” ndinatero.

Sanamve msanga. Kenako anamva.

“Munati umodzi.”

“Ndinatero.”

“Ndi nthabwala zanu zija?”

“Ikanakhala nthabwala bwenzi ndikuseka.”

Ndinamuuza za pepala limene linagwa m'buku. Ndinamuuza kuti ndinaona nkhope yake, pakamwa n'kuyamba kuyenda pokha. Ndinati nthawi ikadalipo, mphindi makumi anayi, ofesi ili pafupi. Bambo ake sakulakwa, ndipo mikanda ili mbali yawo.

Sanalire. Anandiyang'ana ndi maso a agogo ake aakazi, aja ankandiyang'ana nawo ndikabwera ndi nkhani ya munda wa azitona.

“Ndinabwera kwa inu chifukwa aliyense amandikokera kwake. Ndinati dzanja ili lokha silindikoka.”

Pamenepo ndinalibe nthabwala, ngakhale yakale.

Anaimirira n'kulowa pachipata osacheuka.

Ndinakhala pa kakhomako. Ana a anthu akudutsa ndi makapu a khofi a pepala. Mlonda anandibweretsera madzi, mwina anaona ngati ndifera pakhomo pake n'kumupatsa ntchito yolemba. Ndinayang'ana wotchi. Kwatsala mphindi makumi awiri. Khumi. Ndinatulutsa mikanda, osati kuti ndifunse kanthu, kungoti zala zipeze chogwira. 12 koloko inakwana. Inadutsa. Kumzikiti wa kumtunda anayamba kuitanira swala, ine ndili pompo.

Anatuluka mochedwa, maso ofiira. Anakhala pa kakhoma, patali pang'ono ndi ine.

“Ndinaima pamzere,” anatero. “Patsogolo panga panali anthu asanu ndi mmodzi, onse ochotsa phunziro lomweli. Nditafika pa zenera, mayi uja anati nambala yako. Ndinamuuza. Anati tichotse? Ndiye ndinaona kuti chiyambire pamene mwandiuza zija, mtima wanga sunapepuke ngakhale pang'ono. Ndimayenera kusangalala kuti ndapulumuka. Koma ndimangomva ngati mwandilanda chinthu changa.”

“Ndiye?”

“Ndinamuuza kuti pepani, ndasochera zenera.”

Kenako mawu ake anachepa, anakhala ngati a Sukaina wa zaka zisanu ndi ziwiri.

“Jiddo, ndakana khira. Teta akanati chiyani? Nanga ndikagwa?”

Ndiye ndinamuuza nkhani ya ukwati wathu. Ndinati nditapita kukafunsira Nahla, iye anatenga mikanda yomweyi usiku wake n'kufunsa za ine. Inatsala iwiri. M'mawa anauza bambo ake kuti, “Ndamva, koma wophika mkateyo ndimufunabe. Mulungu wandichenjeza kuti zikhala zovuta, sanandimange miyendo.” Ndipo zinalidi zovuta, zaka makumi asanu ndi ziwiri, funsa aliyense pa msewu wathu.

Anaseka misozi ili m'masaya. “Mikandayo inanena zoona pamenepo.”

“Mwano uwo. Gwira mkono wanga, phazi lakana.”

Anandigwira. Koma m'minibasi anandiuza kuti bambo ake ndikawauze ndekha, ndipo asanandikhululukire ndiyambe ndamumvetsera akuloweza timivi tonse ta m'mutu woyamba. Ndinati chilango chimenecho n'choposa mlandu.

Loweruka, 8 Sepitembala

Shuga 231.

Ndinamuuza Ghassan m'mawa, tikudya mkate wa zaatar, wowaza zitsamba zonunkhira, wa kwa mnyamata amene anatenga uvuni wanga. Amaupsereza m'mbali. Ndinanena zonse, mikanda, bodza, chipata, zenera. Ndinati mwanayo anasankha yekha akudziwa zoona, koma amene anamukankhira kumeneko poyamba ndine.

Anasiya kutafuna. Anati, “Akagwa, Baba, simudzakhala inu woima pakhomo lotseka.” Ndinati n'zoona. Anatenga zida zake n'kutuluka. Tsiku lonse sanandilankhule, ndipo sindikudziwa kuti ayamba liti.

Chakumadzulo magetsi anazima monga mwa nthawi zonse. Ndinamva kugogoda m'chipinda cha Sukaina. Nditasuzumira, ndinapeza Ghassan atagwada pansi pa tebulo, akukhomerera waya kukhoma, kuchokera pa batire mpaka pa kanyale katsopano pamwamba pa mabuku. Mwana wake atamugwirira tochi. Anayatsa, anazimitsa, anayatsanso. Pepala la Nahla lili pakhoma tsopano, lomata ndi tepi, pansi penipeni pa nyaleyo.

Ndinafuna kufunsa ngati ameneyo ndi waya wofunika. Ndinatseka pakamwa ndi dzanja n'kubwerera pakhonde.

Mikanda ndaiika m'kabati ya Sukaina, pansi pa mipango. Dzanja langa latha ntchito yake.

Chatsala chinthu chimodzi, ndipo ndichilemba muno poti njenjete sizinena. Nkhani ya ukwati ija ndinaipeka pa kakhoma pomwe paja. Ndidzamuuza tsiku limene adzandiwerengere pepala la agogo ake, ngati shuga andilola kufikako. Nahla sanachitepo khira ya ine. Ndinamufunsa kamodzi, titakalamba kale, kuti firiji unaifunsira, nanga ine bwanji? Anapitiriza kusenda adyo, osatukula mutu. Anati, “Pa iwe sindinaime pamphambano.”